Munabwera pa Lole, Mudzabwerera pa Lole

Pakamwa pangapa ndi pamene pamandidyetsa, ndipo ndi pomwepanso pandipachika. Ndikuuzani mmene zayendera. Ofuna kuseka sekani, ine phwete linandithera.

Ndine Limbikani, koma pa Nsaru mukafunsa dzina limenelo akuyang'anani ngati mwasokera. Nenani kuti Dijeyi Limbi womasulira mafilimu, ngakhale amayi ogulitsa tomato akulozerani kashopu kanga kuseri kwa chigayo. Ntchito yanga ndi yoyankhulitsa azungu Chichewa. Ndimayatsa laputopu, kugwira maiki, n'kumaika mawu anga pamwamba pa mawu awo. Mwamuna ndine, mkazi ndine, ngakhale chilombo ndine ndemwe. Chizungu changa n'cha Fomu 2, ndiye pena ndimamva, pena ndimangoyang'ana nkhope n'kupeka. Anthu amabwera ndi mamemori khadi awo, ndiwaikire, azikaonera pa foni kumudzi.

Filimu imene inanditchukitsa dzina lake lenileni limaluma lilime, ine ndinaitcha Chombo cha Mbewu. Ili ndi masizoni khumi ndi anayi ndipo sikutha. Ndi ya anthu amene dziko lawo linauma, anakwera chombo ndi mbewu zawo kukasaka nyenyezi yoti akalimepo, akutsogoleredwa ndi mayi wina wosaseka amene tonse timamuti Mayi Kaputeni. Eni filimu ataona kuti yagwira msika anatulutsanso zina ziwiri zochokera momwemo. Ina ndi Ana a Chombo, ina ndi Pachipata.

Eunice ndinamudziwa chifukwa cha filimu yomweyi. Ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi chigayo. Chaka chatha anatulukira pashopu panga, tepi yoyezera ili m'khosi, nkhope atakwinya.

"Ndinu amene munatiuza kuti woyendetsa chombo uja ndi mchimwene wake wa Mayi Kaputeni?"

"Ndine."

"Ndiye mu sizoni eyiti akupsompsonana bwanji? Ine ndimaonera ndi amayi anga, mwandichititsa manyazi."

Ndinayesa kunena kuti kumwambako miyambo ndi ina. Sanaseke. Anakhala pabenchi n'kuyamba kundiuza zimene azunguwo ankanena, gawo ndi gawo, poti iye sukulu anamaliza. Kuyambira pamenepo sindimasulira Chombo iye palibe. Kunena zoona, ndinamukonda tsiku lomwelo akundikalipira.

*

Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi timasonkhana pakhonde la shopu yanga, ife okonda Chombo, n'kumakangana ngati tikugawana munda. Tsiku limene nkhaniyi inayamba panali Eunice, panali mnzake Tamara, ndi anyamata ena a kabaza. Panalinso Cornelius, wogulitsa mu sitolo ya feteleza ndi mankhwala a mbewu, wa njinga yamoto yofiira, amene anafunsira Eunice kawiri n'kukanidwa kawiri.

"Chombo chinathera pa sizoni naini," anatero Cornelius. "Chiphereni woyendetsa uja yangokhala filimu ya anthu oyendayenda m'makonde. Filimu ndi Pachipata."

"Sanafe uja," anatero Tamara. "Anangomuika m'bokosi lozizira, adzadzuka."

"Masizoni asanu ali m'bokosi. Ndi nyama ya m'firiji kodi?"

Eunice anali akusomeka ulusi pa singano, sanadzutse n'komwe mutu. "A Cornelius, inu mumagulitsa mankhwala a fodya, mukudziwa. Mphukira zikatuluka m'mbali mwa tsinde timazitani?"

"Timathyola."

"Basi. Ana a Chombo ndi mphukira, Pachipata ndi mphukira. Ine ndimaonera tsinde."

Anthu anaseka chikhakhali. Eunice ndi wotero, chitulukireni mafilimu awiriwa sanaonerepo ngakhale gawo limodzi, akuti angamudetsere maso.

"Tangoonerani kamodzi kokha, mumuone Chimutu," anatero Cornelius. "Mwina mukhoza kumuzindikira." Ponena izi anandiyang'ana ine n'kumwetulira, koma ine sindinaganizepo kanthu.

Chimutu ndi mlonda wa mu Pachipata, chimunthu cha mutu ngati dzungu, chimene chimaima pakhomo la dziko lachonde n'kumabweza zombo za anthu osowa pokhala. Asanayankhule amakhosomola kawiri, mawu amawakokera m'mphuno, ndipo akamabweza anthu amati, "Munabwera pa lole, mudzabwerera pa lole." Mu filimumo mulibe lole ngakhale imodzi, ndipo mzunguyo sanena zimenezo. Koma mawuwa anagwira Nsaru yense, moti ngakhale a bawo amauzana akadyana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mawuwo sindinapeke. Ife kwathu ndi ku Phalombe. Tinabwera pa lole ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo anga a Rabson atalembedwa utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula, ndipo mpaka lero ali komweko ndi amayi. Chaka china bambo anadzala kamtengo ka mango kuseri kwa nyumba, n'kumakathirira madzi otsukira mbale. Kapitawo wa pa esitetipo, a Gideoni, anabwera, anakhosomola kawiri, n'kukazula ndi dzanja limodzi. "Mtengo amadzala ndi mwini malo," anatero. "Inu munabwera pa lole, mudzabwerera pa lole." Bambo anangovula chipewa. Ine ndinali pakhomo, ndinasunga mumtima.

Zaka zitatu zapitazo nditamuona Chimutu pa laputopu, mawu a a Gideoni anangotuluka okha, ndi chifuwa chomwe. Ndinamva kukoma, sindinama. Matenanti anazindikira tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo a Gideoni akamadutsa anthu amatsinana. Eni ake sankadziwa kanthu, poti kafoni kawo n'kamabatani ndipo mafilimu amati ndi za ana.

*

Anthu atabalalika Eunice anatsalira.

"Ndawauza amayi za iwe," anatero, akuyang'ana zikhadabo zake. "Amayi awauza amalume. Akuti akuone kaye Lamulungu likubwerali, ankhoswe ako asanabwere."

Ndinadumpha pabenchi mpaka kugunda mutu ku denga la khonde. Paja akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Usakaope," anapitiriza. "Amaoneka aukali, koma ndi amene anandilera bambo atamwalira. Pa mayeso a Sitandade 8 ankandikweza panjinga tsiku ndi tsiku, n'kumandidikira panja mpaka nditamaliza. Taona, awa."

Anandipatsa foni. Chithunzi cha pa ukwati, bambo wa suti yabulauni, Baibulo kukhwapa. Anali a Gideoni.

Mudzafunsa kuti chaka chathunthu osadziwa bwanji. Eunice ankangoti amalume a ku Kabudula, ine osafunsa dzina. Nanenso ndinkangoti bambo amalima fodya cha kumeneko, mawu oti tenanti ndinkawameza chifukwa cha manyazi. Manyazi amenewo ndi amene anandikumbira dzenje.

"Bwanji thukuta?" anafunsa.

"Kwatentha."

"Mu Ogasiti muno, ndi mphepo imeneyi?"

Ndinati mwina ndi malungo. Anandigwira pachipumi n'kunena kuti ndikagule mankhwala, sakufuna kukaonetsa munthu wonjenjemera.

*

Lolemba ndinadzuka ngati ndagonera linthumbu. Ndinafufuta Pachipata yonse mu laputopu, masizoni atatu, ntchito ya miyezi yambirimbiri. Ndinapita kwa anyamata ena atatu oika mafilimu pa Nsaru kuwapempha kuti nawonso afufute, anandifunsa ngati ndayamba kusuta. Ndinaimbira mnzanga wa ku Msundwe, anati, "Aise, imeneyo ndiye ikuyenda malonda, yafika mpaka ku Namitete." Nditalowa mometera tsitsi kuti ndipumeko, pa kanema wa pakhoma Chimutu anali akukhosomola. Madzi akatayika saoleka.

Madzulo foni inayamba kulira. Tili ndi gulu lathu pa WhatsApp, timaliti A M'chombo.

Cornelius analemba: "A Dijeyi, tamva kuti mwafufuta Pachipata. Chimutu wakulakwirani chiyani?"

Tamara: "Eunice wawathyoletsa mphukira."

Eunice: "Aona kuwala. Asiyeni."

Kenako uthenga wina unabwera kumbali, wa Cornelius yekha. "Wachiona chithunzi eti? Ine a Gideoni ndimawapititsira mankhwala ku esiteti mwezi ndi mwezi. Nthawi yonseyi ndimaganiza kuti ukudziwa, ndimati koma mnyamatayu ndi wolimba mtima."

"Ukufuna chiyani?" ndinalemba.

"Ine palibe. Ndimangokonda filimu."

Ndinakhala ndikuyang'ana mawu amenewo mpaka foni inazima yokha. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake chaka chonse ankamukakamiza Eunice kuti aonere gawo limodzi lokha.

*

Lachitatu ndinakwera kabaza kupita ku esiteti. Fodya anali atapita kale ku okushoni, zigafa zili mbee, mphepo ikungouluza zinyalala. Ndi nyengo imene kapitawo amalemba mayina a matenanti otsala chaka chamawa, ndipo amene sanalembedwe amakwera lole kubwerera kwawo. Nyengo imeneyi aliyense amapereka moni kwa a Gideoni ndi manja awiri.

Bambo ndinawapeza akukhoma khasu pa mpini. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera osasiya ntchito, kenako anaika khasu pansi.

"Chimutu wakoyo ndinamuonera pa foni ya anzanga," anatero. "Ndinaseka mpaka misozi. Nditamaliza kuseka ndinachita mantha, koma sindinakuuze."

"Ndinkawabwezera za mtengo uja, bambo."

"Ndinakutuma?"

Anapukusa mutu n'kupitiriza.

"Ukayenda siya phazi, mwana wanga, ukasiya mlomo umakutsata. Ku Phalombe munda wathu anagawana kalekale. Tikachoka pano, ine ndi amayi ako tikafikira pakhonde la munthu." Anatenganso khasu lija, n'kuliyang'ana ngati lalakwika penapake. "Kamuuze mtsikanayo lero lomwe. Akamva kwa iwe ndi nkhani, akamva kwa wina ndi mlandu."

Ndinavomera. Pobwerera ndinakonza mawu onse panjira, abwinobwino, moti wa kabaza anandifunsa ngati ndikupemphera. Nditafika pa Nsaru n'kumuona Eunice patali akuseka ndi kasitomala, ndinakhotera kuseri kwa chigayo.

*

Loweruka anandiitana kuti ndikayeze malaya amene anandisokera, oyera a mizere yabuluu, oti ndikavale kwa amalume.

"Eunice, pali nkhani ya Pachipata."

"Usandiyambe. Kweza mkono." Anali ndi mapini pakamwa.

"Ndi nkhani yofunika."

"Cornelius wakutuma? Dzulo anabwera pano kuti andipatse memori khadi yaulere, ndinamuuza kuti akapatse agogo ake. Tembenuka." Anandikoka kolala, n'kubwerera m'mbuyo kuti andione bwino. Maso ake anali akuwala, sindinamuonepo atakondwa choncho. "Mawa usakayankhule kwambiri, wamva? Amalume amapirira zambiri, koma munthu wochenjeretsa ndi munthu wonama amadana naye. Iwe ndiwe wolongolola chabe, wonama ayi, n'chifukwa chake ndilibe nkhawa."

Anachotsa mapini pakamwa n'kundiyang'ana.

"Umati chiyani za mphukira zakozo?"

"Ndimati umanena zoona. N'zosafunika."

"Ndinakuuza kalekale," anatero, n'kundibaya pini paphewa mwadala.

Ine amene ndimayankhulira anthu makumi awiri mu filimu imodzi, ndinalephera kudziyankhulira ndekha. Ndinali wamantha, palibe dzina lina.

*

Kwawo kwa Eunice ndi mudzi wa pafupi ndi Nsaru, ulendo wapansi. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, malaya atsopano ali pathupi, shuga ndi sopo zili m'jumbo. Chinthu choyamba kuona pabwalo chinali mapazi a matayala a njinga yamoto, atsopano, osapondedwa ndi nkhuku. Ndinadziwiratu kuti Cornelius wafika kale.

A Gideoni anali pampando pakhonde, suti yabulauni yomwe ija. Amayi ake a Eunice, a Mary, anali pamkeka, Eunice pambali pawo atavala chitenje chatsopano. Anandipatsa kampando. Ndinagwada kupereka moni, a Mary anayankha mwansangala, a Gideoni anangondiyang'ana.

Kenako anakhosomola kawiri.

"Mwana wa a Rabson," anatero.

"Mukumudziwa, amalume?" anafunsa Eunice, akumwetulira.

"Bambo ake ndi tenanti wanga."

Eunice anandiyang'ana. Kumwetulira kunali kusanachoke, koma kunali kutayamba kuzizira.

A Gideoni anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa foni yaikulu ya chikuto chofiira. Aliyense pa Nsaru amaidziwa foni imeneyo. Anaitembenuza uku ndi uku, kenako anaipereka kwa Eunice. "Zinthu zimenezi ine sindizidziwa. Mnyamata amene wandibwereka wati ndingodina pakati. Tandidinira, mwana wanga."

"Eunice, usadine," ndinatero.

Anadina.

Chimutu anatulukira, mutu ngati dzungu, ataima pachipata. Anakhosomola kawiri. Anakokera mawu m'mphuno. A Mary anagwira pakamwa gawolo lisanafike n'komwe pa lole, poti mlongo wawo amamudziwa. Eunice anayang'ana foni, anayang'ana amalume ake, kenako anayang'ana ine. Foni inapitiriza kuyankhula mpaka a Mary anaivundikira ndi nsonga ya chitenje.

Ndinkayembekezera kuti a Gideoni akalipa. Bola akanakalipa. Anayankhula motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Zaka zitatu ndikamadutsa pa esiteti ana amakhosomola. Ine ndimati kwagwa chifuwa, mpaka ndinauza abwana kuti aitane a zaumoyo. Ku tchalitchi ndikaima kuti ndiwerenge mawu, achinyamata amabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Ndimati mwina taye yapindika. Mkazi wanga ku chigayo amamutcha dzina limene samalimvetsa. Lero ndamva kuti ndine wotchuka mpaka ku Namitete."

"Pepani bambo, ndinali..."

"Musapepese, ntchito mumaidziwa. Ndadzimva ndekha, ndine ndemwe." Anakhala tsonga. "Ndiye poti mumatha kuyankhula m'malo mwanga, musanditopetse. Mwabwera kudzapempha mbumba yanga. Tayankhani nokha. Chimutu akuti bwanji?"

"Achimwene, zakwana," anatero a Mary.

"Ayi, anene. Anthu a ku Msundwe anamva, ife a pakhomo pano tisamve?"

Ndinayang'ana Eunice kuti mwina andipulumutsa, iye anali akuyang'ana malaya amene anandisokera. Ndinanena, ndi mawu angaanga, otsika ngati a munthu wodwala.

"Munabwera pa lole, mudzabwerera pa lole."

"Mwadzimvera nokha," anatero a Gideoni, n'kudzuka kulowa m'nyumba.

Eunice anandiperekeza mpaka pa nkhokwe basi. "Unadziwa liti kuti ndi amalume?"

"Tsiku lija unandionetsa chithunzi."

"Ndiye dzulo ndikukuyeza malaya, ndikukuuza kuti si iwe wonama, unkadziwa."

"Ndinkafuna kukuuza."

"Unali ndi masiku asanu ndi awiri, Limbikani. Za bambo ako unali ndi chaka." Anatembenuka n'kubwerera. Jumbo ya shuga ndinaipeza ikadali m'manja mwanga nditafika pa Nsaru.

*

Lolemba m'mawa bambo anaimba. Mayina anali atawerengedwa, lawo panalibe. Zaka khumi ndi zinayi pa esiteti imodzi, osajombapo, osakanganapo ndi munthu. Lole yopita kummwera inali yoti ibwera Loweruka. Sanandikalipire, anangofunsa ngati ndingawapezere matumba oikamo ziwiya. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Ndinawauza kuti ngati akwera lole nanenso ndikwera, poti mwana wawo ndine ndekha.

Pakhonde la sitolo makina a Eunice panalibe. Ndinatumiza mauthenga asanu ndi atatu, onse osawerengedwa. Ndinkalowa mushopu, kutuluka, kukaima pachigayo, kubwereranso. Pa gulu lathu anthu anali akukangana ngati woyendetsa chombo adzadzuke mu sizoni fifitini, ndinafuna kuponya foni m'ngalande.

Lachiwiri njinga yofiira inaima pakhomo panga.

"Usandiyang'ane choncho, ine ndangotumidwa," anatero Cornelius, osatsika n'komwe. "A Gideoni akuti alibe chifukwa ndi madala ako, ndi munthu wakhama. Dzina likhoza kulembedwa. Koma iwe umusiye Eunice. Osamuimbira, osamulembera, osadutsa pakhonde pake."

"Ndiye iweyo upezepo mpata."

"Zimenezo ndi za m'tsogolo. Akuti uyankhe pofika Lachinayi masana, buku likupita kwa abwana." Analiza njinga. "Komatu aise, Chimutu uja unamutha. Sindinama, ndi ntchito yako yabwino kuposa zonse."

Ndikanakhala ndi mwala pafupi bwenzi pano ndikulemba nkhani ina.

Masiku awiri amenewo sindinadye zolozeka. Ndikaganiza za Eunice mtima umawawa, ndikaganiza za amayi atakhala pamwamba pa matumba pa lole, ukalamba umenewu, mtima umawawa koposa. Ndinkadziuza kuti Eunice wandisiya kale, ndiye ndikutaya chiyani. Bambo anavula chipewa tsiku lija kuti ine ndidye, nanenso ndikhoza kuvula.

Lachinayi cha m'ma teni ndinatenga foni n'kulembera Cornelius: "Kawauze a Gideoni kuti ndavomera. Eunice ndamusiya." Ndinadina. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, ngati munthuyo anangokhala akudikira. Ndinaika foni patebulo n'kugwira kumutu.

*

Sipanathe ola, kabaza anaima panja. Ndinamva mawu amene ndimawadziwa akuti, "Mutsitse bwino, ndi wolemera."

Eunice analowa atanyamula mutu wa makina osokera, wokulunga m'chitenje. Anauika patebulo pambali pa laputopu, anabwerera panja, n'kulowanso ndi chikwama chachikulu. Maso anali ofiira. Wa kabaza anapita.

"Ndaonera Pachipata yonse," anatero. "Tamara anandibwereka."

"Mphukira zija?"

"Khala chete, sindinabwere kudzaseka nawe." Anakhala pabenchi yake ya masiku onse. "Dzulo ndinapita ku esiteti. Amayi ako anandionetsa pamene panali mtengo wa mango. Mpaka pano amathirapo madzi otsukira mbale, ukudziwa zimenezo? Akuti dzanja linazolowera."

Sindinkadziwa.

"Ndinawafunsa amalume. Akuti linali lamulo la eni esiteti, iwo anangotumidwa. Ndinati nanga mawu aja anakutumaninso? Anangokhosomola. Ndinati nanga dzina la a Rabson walichotsa ndani? Anati ndikatuluka pakhomo chifukwa cha iwe, ndisadzawatchulenso malume, ndipo pa ukwati wanga sipadzakhala nkhoswe." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Anthu aja anandilera, Limbikani. Unawachita chipongwe, ndipo ine unandinamiza. Usaganize kuti ndakukhululukira."

"Sindikuganiza choncho."

"Gawo lomaliza la sizoni yachitatu, mwana wamkazi wa Chimutu uja akutsegula chipata. Paja unamasulira kuti akuti chiyani?"

"Ndinati akupita kukaona nyengo panja."

"Unanamanso. Ndamvetsera Chizungu chake pansi pa phokoso lakolo, katatu. Akuwauza bambo ake kuti ngati anthu awa salowa, ndituluka ndine." Anagwira mutu wa makina uja. "Amayi ako andiuza kuti nawenso ukwera. Ku Phalombe anthu amavala, ndikasoka komweko. Miyendo ya makina abweretsa a kabaza madzulo. Amayi anga ndawasiya akulira, ndiye usandifunse kawiri, ndingasinthe maganizo. Loleyo inyamuka nthawi yanji?"

Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo foni inanjenjemera patebulo, pakati pa iye ndi ine, galasi lake n'kuyaka. Inali pafupi ndi dzanja lake kuposa langa.

"Cornelius akukufunanso chiyani?" anatero, n'kuitola.

Ndinauona uthengawo chozondoka, koma ndinauwerenga wonse. "A Gideoni akuti wachita bwino kumusiya Eunice. Dzina la madala ako lalembedwa, sakweranso lole."

Eunice anawerenga. Anakweza chala n'kuwerenganso uthenga wanga wa pamwamba pake, ndi nthawi imene ndinautumiza. Anayang'ana chikwama chake, anayang'ana makina ake. Kenako anaika foni patsogolo panga pang'onopang'ono, n'kundikankhira maiki.

"Tamasulirani iyi, a Dijeyi," anatero.